Ndinatuma Foni kwa Amalume

Iyi yokha mukhulupirire. Ngakhale ndili kunyumba kuno, ndikudziwa mwayamba kale kukodolana, inu a pa benchi ya kuseri kwa msika wa Nsanama, kuti wabweranso uja anaona ng'ona pa baraji ya Liwonde ikuyasamula mpaka minibasi kutsala pang'ono kulowamo. Chabwino, ng'ona ija ndinaiwonjezera mamita angapo. Koma ya lero sindiwonjezera ngakhale chala, chifukwa ndi nkhani yoti munthu wanzeru akanaichepetsa. Wofuna kubetcha kuti ndikunama abetche. Ine umboni ndili nawo: matuza a m'manjamu anapola koma zipsera zilipo, ndipo achemwali anga anatha milungu iwiri akundidutsa ngati chitsa.

Muyambe mwadziwa maganizo anga pa nkhani ya foni. Ine ndimati chinthu ichi chinabwera kudzapulumutsa miyendo ya amphawi. Kale munthu ankapalasa njinga tsiku lathunthu kukangonena kuti kwathu kwabadwa mwana, n'kubwerera ndi njala ndi tayala lophwa. Lero umangodina, kulankhula, kusiya, basi uthenga wafika iwe uli chikhalire. Makamaka voisi, uthenga wa mawu uja. Amene anaipanga ankaganizira ife a kuno. Munthu wosadziwa kulemba amalankhula Chiyao chake bwinobwino, mwana wake ali ku Joni n'kumva ngakhale tambala akulira kumbuyo. Kulemba kumachedwa, kuimba kumadya mayunitsi, koma voisi ilibe vuto ndi munthu. Pa gulupu ya banja lathu adimini ndine, ndipo ndikakuuzani kuti maliro awiri ndi sadaka imodzi zinayenda bwino chifukwa cha chala changachi, musatsutse. (Chabwino, ku sadaka kuja ena anafika tsiku lolakwika. Koma anafika.)

Nde kunabwera nkhani ya achemwali anga Asiyatu. Mnyamata wawo, Yusufu, anabwera kuchokera ku Joni ndi tchuthi cha milungu itatu basi, ndipo akwawo anatumiza mawu kuti Loweruka abwera kudzafunsira mbeta. Zikatheka, ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu uja, imangidwe asanabwerere. Zikakanika, ndiye mpaka chaka china, mwinanso ziwiri, poti ku Joni si kuseri kwa phiri koti ungangoti ndikubwera mawa. Achemwali anali atadikira kale zaka zitatu, akubweza anyamata a magolosale ndi a njinga zamoto.

Kwathu nkhani ngati imeneyi siyamba popanda mwini mbumba. Bambo akhalepo, shehe akhalepo, koma ngati mlongo wawo wa amayi palibe, alendo amangomwa thobwa n'kumapita. Athu ndi amalume Che Bwanali, amene anakwatira kutali, ku Rivirivi, mbali ya Balaka uko, komwe amalima tomato m'mbali mwa mtsinje.

Lachiwiri amayi anandiitana akupeta mpunga pakhonde.

"Mawa ulawire. Upite ku Rivirivi ukawauze amalume ako za Loweruka."

"Mayi, iwo aja ali pa gulupu. Ndiwatumizire pompano, musanamalize kupetako ayankha."

"Iyayi. Upite."

"Dzana lomweli atumiza vidiyo ya mbuzi itakwera njinga yamoto. Foni amaidziwa kuposa inu."

"Ine sindinati saidziwa foni. Ndati upite, ukakhale pansi, ukawauze ndi pakamwa pako."

"Voisi ndi pakamwa panga pomwe, mayi."

Anandiyang'ana, lichero lili m'manja. "Udzakhala ndi mbumba yako iwe, udzaitumizira zimenezo. Ya achimwene anga iyayi."

Anandipatsa ya thiransipoti, nkhani n'kutha.

Tsopano ndinene momwe ndakhala ndikuifotokozera kwa aliyense. Lachitatu ndinakwera minibasi, ndinatsika pa Liwonde dzuwa likuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Ndinakhala pa chiwaya, tchipisi patsogolo, n'kuyamba kuwerengera ulendo wotsala. Kuoloka Shire, minibasi ina, kenako kabaza m'fumbi, zonsezo chifukwa cha mawu osakwana mphindi imodzi. Ndinati ayi, dziko linasintha, amayi okha ndi amene sanauzidwe. Ndinatulutsa foni, kukonza kukhosi, n'kudina.

"Salaam aleikum amalume, ndine mphwanu wa ku Nsanama. Amayi akuti Loweruka kubwera alendo odzafunsira achemwali Asiyatu, nde mufike m'mawa. Musachedwe, mpunga ndi wonunkhira uja."

Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu. Amvera. Yankho silinabwere, koma ndinati akuluakulu sayankha zinthu zomveka kale.

Nditafika kunyumba amayi anafunsa, "Wawapeza?"

"Ndawapeza, mayi."

Munthu wabwinobwino akanaima pamenepo. Koma inu mukundidziwa. Nkhani ikakhala yaifupi imandiyabwa.

"Anandilandira ngati nduna. Akazi awo anagwira tambala wamkulu ngati kambuzi. Tomato ndiye musanene, mmodzi sakwana m'dzanja. Akuti Loweruka afika inu musanasese pabwalo."

"Nanga thupi lawo?" Apa amayi anatsitsa mawu.

"Aaa, ali bho. Anenepa, masaya awa. Makeni awiri a madzi amanyamula ngati mapepala."

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono. Maso anadzaza madzi, koma akumwetulira. "Alhamdulillah. Ndiye kuti mankhwala a shuga aja ayamba kugwira. Mwezi watha akazi awo amati malaya onse akuwakhuthuka."

Za shuga ine ndinali kuzimva koyamba. Koma mawu anali atatuluka, ndipo amayi anali atadzuka kale kukauza aneba kuti achimwene awo achira. Masiku awiri otsatira ankagwira ntchito akung'ung'udza nyimbo, ine mpunga osandilowa bwino.

Loweruka linafika. Pabwalo anasesa mpaka mizere ya tsache kuoneka, mikeka anayala pansi pa mtengo wa mango. Cha m'ma naini alendo anatulukira, anthu asanu, kutsogolo kuli amalume ake a Yusufu, bambo wamtali wa mkanjo woyera, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amagula. Moni, thobwa, za mvula, za mitengo ya nandolo. Teni inakwana. Za mvula zinatha, anayambanso za nandolo. Ine ndinkangopita ku msewu n'kubwerera, kunamizira kuti ndikukachingamira. Minibasi iliyonse ikaima mtima unkati ndi iwo, kutsika mayi wa dengu la usipa.

Anthu anapita ku mzikiti kukaswali swala ya masana, anabwerako, amalume osaoneka. Amayi anandikokera pambali.

"Aimbire."

Apa mpamene ndinachita chopusa chachiwiri. Ndinafuna kuti aliyense amve kuti wochedwa ndi iwo, osati ine. Ndinaima pakati pa bwalo, n'kuika foni pa laudi.

"Amalume, mwafika pati?"

"Ndili m'dimba." Kumbuyo kunkamveka madzi akuthiridwa.

"M'dimba? Alendo afika kalekale!"

"Alendo ati?"

"Odzafunsira achemwali!"

"Aa, kuli zoterozo? Ine sindinauzidwe."

Bwalo lonse linati chete. Ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa. (Iyi sindikuwonjezera. Chabwino, mwina imodzi inapitiriza.) M'malo mothimitsa laudi, ine ndinalimbikira.

"Koma amalume, voisi ija munaimvera. Timizere tinasanduka tabuluu, ndinaona ndekha."

"Eya, foni yanga inauzidwa. Ubwere udzaitenge, ukaikhazike pa mkeka, ikalankhule ndi alendowo. Ine mwini wake kulibe amene wabwera kudzandiuza kanthu."

Anadula.

Amalume ake a Yusufu anayang'ana pansi kwa kanthawi, anakonza chisoti chawo, kenako analankhula ndi amayi mwaulemu woopsa.

"Mayi, musadandaule. Mwini mbumba akakhala m'dimba tsiku ngati lino, mwina pali chimene akuchiona pa mwana wathu chimene ife sitikuchiona. Si bwino kumukakamiza. Ife tikakhala kunyumba. Mukamvana, njira mukuidziwa."

Mwamva? Iwo anatenga kuti amalume akukana Yusufu, ndipo za foni ndi njira chabe yokanira mwaulemu. Anadzuka onse asanu, mpunga osaulawa. Yusufu anatsalira kumbuyo pang'ono, anandiyang'ana kuyambira ku mapazi mpaka kumutu, n'kutsatira akwawo.

Amayi sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangofunsa, "Masaya aja unawaona kuti?"

Ndinazemba kupita kuseri kwa khitchini, n'kukapeza achemwali atakhala pa mtondo, mpango watsopano uli pamiyendo. Sankalira. Ndinayamba, "Achemwali, vuto ndi loti anthu akale..."

"Khala chete. Zaka zitatu ndakhala ndi mwamuna wa m'foni. Kucheza pa foni, kukangana pa foni, kupepesana pa foni. Ndikadwala amandiona pa foni. Tsiku limodzi lokha loti anthu akhale pa mkeka maso ndi maso, iwe walitenga walilowetsanso m'foni momwemo."

Amenewo anali mawu awo omaliza kwa ine kwa milungu iwiri.

Lamulungu m'mamawa ndinali m'minibasi. Amayi anangoti, "Usabwere wekha." Ndinaoloka Shire, ndinakwera kabaza, fumbi mpaka m'mano. Amalume ndinawapeza pakhonde, ndipo amayi sananame: malaya ankawakhuthuka, ndevu zonse zoyera, manja ngati bango. Ndinavula kapu, ndinakhala pansi, pa dothi penipeni. Iwo anali pa foni, akujambula voisi.

"Achimwene, mabasiketi asanu ndi limodzi, wofiira bwino. Mukachedwa ndipatsa a ku Balaka."

Anatumiza, anadikira yankho, anamvera, anaseka, anajambula ina. Ine ndili pansi, nyerere zikundiyendera. Atamaliza anaika foni m'thumba n'kunditembenukira. Ndinapereka moni, ndinanena uthenga wonse kuyambira pachiyambi, mawu omwe aja a Lachitatu, kungochotsa za mpunga.

"Ndamva," anatero.

Basi. Mawu amodzi amenewo ndi amene anabweza anthu asanu ndi njala. Pakamwa panga panayabwanso.

"Koma amalume, pepani, inu nomwe tomato mukugulitsa pa voisi."

"Asiyatu ndi tomato?"

"Iyayi."

"Tamvera, mphwanga. Foni ine ndimaikonda kuposa iwe. Isanabwere, mavenda ankanditchulira mtengo umene afuna, ine osadziwa kuti ku Balaka zili bwanji. Lero sangandipusitse. Koma unkhoswe si kudya mpunga Loweruka. Tsiku limene awiriwa adzayambane, mnyamata ali ku Joni, mkazi ali kuno, ndani adzakwere minibasi kupita kwa akwawo? Ine, ndi shuga wangayu. Mwana akadzadwala, ine. Ndiye ngati a kwanu akulephera kundipeza ndi miyendo pa nkhani yokoma, ine ndidzayenderenji pa yowawa?"

"Komabe mukanangowaimbira amayi Lachitatu lomwe lija. Wolakwa ndine, koma walira ndi achemwali."

Ndinadikira mbama. Iwo anangosisita bondo.

"Apo wanena zoona. Ndinakwiya, ndipo ndinaganiza kuti ubweranso Lachinayi kapena Lachisanu. Ndinadikira. Loweruka ndinavala mkanjo m'mawa, kenako ndinauvula. Mwana uja ndamulakwira, ndikamupepesa ndekha." Anadzuka movutikira. "Ndipita ku Nsanama, ndikatenge amayi ako, tikakhale pansi kwa akwawo a mnyamatayo. Ndi masiku atatu amenewo. Tomato wanga samwa voisi. Makeni ali kuseri uko."

Ndi momwe ndinapezera matuza. Masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, kutsika ku mtsinje, kukwera, makeni awiri. Aja ndinkati amanyamula ngati mapepala aja, aise, si mapepala. Tsiku lachiwiri batire linatha, tchaja ndinaiwala ku Nsanama, ndiye ndinatsala ndi mutu wanga wokha, chinthu chimene sindinazolowere kukhala nacho ndekha.

Ndinaganiza zambiri m'mizere ya tomato muja. Maganizo anga pa foni sanasinthe kwenikweni, ndisakunamizeni. Popanda iyo achemwali ndi Yusufu sakanatha zaka zitatu. Koma ndinaona chinthu chimodzi. Timizere tabuluu tija timangokuuza kuti mawu alowa m'khutu. Sitikuuza kuti munthuyo wawalandira, kapena wakwiya, kapena wavala mkanjo n'kuuvula. Ndiponso pa gulupu yathu tilipo anthu ambirimbiri, tsiku lililonse mavidiyo, madua, mapemphero aja a Lachisanu, zithunzi za ana atavala yunifolomu. Palibe ndi mmodzi yemwe analembapo kuti amalume akutha thupi. Iwonso sanalembe. Ankangotumiza mbuzi pa njinga yamoto, ife n'kumaseka, n'kumati ali bwino. Ine adimini ndinkaganiza kuti banja lonse lili m'thumba mwanga.

Amalume anakakonza zinthu. Akuti anakhala pa mkeka wa amalume ake a Yusufu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akufotokoza kuti mnyamata alibe chifukwa, chifukwa chili ndi mphwawo wopanda miyendo. Loweruka lotsatira alendo anabweranso, ndipo ndowa inamangidwa kutatsala masiku atatu kuti Yusufu akwere basi. Ine ntchito yanga inali kutunga madzi osamba m'manja. Foni anandilanda amayi mpaka alendo atapita.

Apa mpamene ndimathera nthawi zonse ndikamakufotokozerani pa benchi, inu n'kuseka, n'kumanditcha wa tchipisi cha pa Liwonde. Dzina limenelo ndalilandira mosangalala, chifukwa ulesi ndi mlandu wopepuka. Koma ndinalonjeza kuti lero sindinama, nde imvani.

Pa Liwonde sindinadye tchipisi. Lachitatu lija ndinaoloka Shire, ndinakwera kabaza, ndinafika ku Rivirivi. Ndinafika ndithu. Kungoti kumeneko ndinapitako komaliza ndili sitandade faifi, ndipo amalume akabwera ku Nsanama ine ndinkakhala ndili ku mpira kapena kokonzetsa foni. Wa kabaza ananditsitsa pa mphambano n'kubwerera. Tinjira tinali tinayi, tonse tofanana. Ndinatsata kolowera ku madimba, n'kukumana ndi mdala wina woonda, wa ndevu zoyera, atanyamula makeni.

"Madala, kwa Che Bwanali ndi kuti? Onenepa, a ndevu zakuda, olima tomato."

Ndinkafotokoza chithunzi cha pa nambala yawo, chija avala jekete pa ukwati wa winawake. Sindinadzifunsepo kuti chinajambulidwa liti.

Mdala uja anatula makeni. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Inu ndinu ndani wawo?"

"Mphwawo. Amandikonda koopsa, tsiku silipita osacheza."

"Oo. Ndiye mukuwadziwa bwino."

"Kwambiri. Kungoti ndi ovuta pang'ono, amafuna munthu aziwagwadira ngati mfumu. Kankhani kakang'onong'ono mpaka ndapsa ndi dzuwa chonchi."

"Pepani," anatero. "Poti mumacheza tsiku lililonse, afunseni pa foni akulozereni njira."

Ananyamula makeni ake n'kutsikira m'dimba. Ine ndinati mdalayu ndi wamwano koma wandipatsa nzeru. Ndipo ndifunsirenji njira, pomwe ndingathe kungonena uthengawo n'kubwerera? Ndinakhala pansi pa mtengo, ndinajambula voisi ija, ndinatumiza.

M'thumba la mdala uja munalira kanthu.

Anali mapazi makumi awiri kuchokera pomwe ndinakhala. Anatulanso makeni, anapukuta manja pa malaya, anatulutsa foni, anadina. Ndipo ndinamva mawu anga omwe akuyenda pamwamba pa tomato: "Salaam aleikum amalume, ndine mphwanu wa ku Nsanama." Timizere tinasanduka tabuluu m'dzanja langa ine ndikuona. Iwo anamvera mpaka ku mpunga wonunkhira, maso ali pa ine, osaphethira. Atamaliza anangoima, akundidikira.

Mapazi makumi awiri. Ndikanadzuka, kupita, kugwada, kupepesa, akanandinyoza mpaka madzulo, koma Loweruka akanafika amayi asanasese pabwalo. Ine ndinathawa. Ndinadula m'munda wa nandolo wa eni ake, kuthamanga ngati ndaba mbuzi, mpaka ku msewu. Masaya onenepa aja ndinawauza amayi maso anga ataona kale mafupa.

Lamulungu lija nditakhala pa dothi, atamaliza za tomato zija, ndisanatsegule pakamwa, anawerama n'kundinong'oneza kuti akazi awo asamve: "Bwanji, onenepa aja lero mwawapeza?" Sananenenso china, ndipo mpaka lero sanauze munthu, ngakhale mlongo wawo.

Amayi amadziwa kuti ndinathera pa chiwaya cha pa Liwonde, ndipo ulesi anandikhululukira kalekale. Izi zinazi kaya. Voisi yowauza ndaijambula kanayi, kanayi konse ndafufuta. Ali panja apo akuyanika zovala, ndikuwaona pa windo, ndipo ine ndikadali chikhalire.